Mukapita ku Chilwa mu Malichi, yang'anani m'matope

Malichi ndi Epulo ndi miyezi imene chisanu chimatha ku Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, ndipo anthu akumeneko amakhamukira kunyanja ndi kumadambo kukachingamira mbalame zobwera kuchokera kummwera. Zina mwa mbalame zimenezo zimakhala zikuchokera kuno. Choncho nthawi yomweyo, pamene mvula ikutsazika ndipo chimanga chayamba kuuma m'minda, ndiyo yabwino kuti ife tikazione zisananyamuke.

Anthu amene ndimawaperekeza kunyanja ya Chilwa amathamangira kuyang'ana abakha ndi atsekwe, poganiza kuti amenewo ndiwo alendo ochokera kutali. Ayi ndithu. Atsekwe, abakha oimba mluzu aja, avuwo ndi akakowa ndi akonkuno ku Africa. Amasamuka, inde, koma amangolondola madzi: dambo lina likaphwa amapita kumene kwasefukira. Abakha ochokera ku Ulaya, monga garganey, ambiri amathera ku West Africa, m'madambo a mtsinje wa Senegal, a mtsinje wa Niger ku Mali ndi ku nyanja ya Chad. Ofika kuno ndi owerengeka.

Alendo enieni ali m'matope, pamene madzi angophwa kumene. Ndi timbalame totuwa, ta miyendo yowonda, tosaoneka kukongola, timene munthu angatidutse osatizindikira. Kamodzi mwa ito m'mabuku a mbalame amakatcha little stint. Kamalemera magalamu pafupifupi 25, ngati batire imodzi ya wotchi yapakhoma, koma kamaswera kumpoto kwenikweni kwa Russia ndi Norway, mtunda wa makilomita pafupifupi 10,000 kuchokera ku Zomba. Mukakayang'anitsitsa mudzaona kuti sikaweramuka: kamathamanga pang'ono, n'kujompha m'matope mofulumira, kenaka n'kuthamanganso. Changu chimenecho chili ndi chifukwa chake. Kakuunjika mafuta m'thupi, ndipo mafutawo ndiwo kamba wa paulendo. Pamodzi nako mudzapeza wood sandpiper, ya timadontho toyera pamsana, ndi greenshank imene imalira katatu motsatizana ikadzidzimuka. Palinso ruff, ndipo zofika kummwera kuno zambiri ndi zazikazi, chifukwa zazimuna zambiri zimathera chakumpoto.

Imene imandisangalatsa koposa pa nyengo imeneyi ndi white-winged tern, imene imauluka m'magulu pamwamba pa njedza n'kumatola tizilombo. Mu Disembala imakhala yoyera motuwa. Pofika kumapeto kwa Malichi nthenga zakuda zimayamba kutuluka apo ndi apo pamimba, mbalame n'kukhala yamathothomathotho. Mu Epulo zina zimakhala zitada bii mutu ndi thupi lonse, mapiko ndi mchira zokha zitatsala zoyera. M'gulu limodzi mungathe kuona zoyera, zamathotho ndi zakuda, ndipo wosadziwa amawerenga mitundu itatu. Zimenezo ndi nthenga zokaswera nazo kum'mawa kwa Ulaya ndi pakati pa Asia.

Kuti mbalame zimachita maulendo otere, azungu adachedwa kudziwa. Ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe nthawi yonse yachisanu. Mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany adaombera dokowe amene anali ndi mkondo wa ku Africa utalasa pakhosi, ndipo mpaka lero amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Madokowe sakonda kuwoloka nyanja yaikulu ya Mediterranean popeza amadalira mpweya wotentha wokwera kuchokera pamtunda kuti uwanyamule. N'chifukwa chake amene amafika kuno amazungulira, kudzera ku Egypt, Israel ndi kampata ka nyanja ka Bosporus ku Turkey.

Chilwa imakoka mbalame chifukwa ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi akangotsika pang'ono, matope ambiri amaonekera, odzaza ndi tizilombo ndi nkhono. Chilwa ndiyo inali yoyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar la 1971, ndipo Elephant Marsh ya ku Lower Shire idatsatira mu 2017. Koma kusaya komweko ndiko vuto lake. Nyanjayi idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphwanso kwambiri mu 2018. Matemba akasowa, anthu ambiri amatembenukira ku misampha ya mbalame kuti apeze ndiwo ndi ndalama. Ine sindiwaweruza, njala ilibe manyazi. Kungoti msampha susankha: umakola ya konkuno ndi ya ku Siberia yomwe.

Za ulendo weniweniwo n'zosavuta. Kuchokera ku Zomba pitani ku doko la Kachulu, mufike dzuwa lisanakwere, ndipo muime dzuwalo lili kumbuyo kwanu kuti mitundu ya nthenga ioneke. Zoonera patali zokuza ka 8 n'zokwanira. Pa nyengo imeneyi msewu ukhoza kukhala woterera, choncho funsiranitu. Musalowe m'madzi osavala majombo chifukwa cha likodzo, ndipo ku Elephant Marsh mverani mwini bwato pa za ng'ona ndi mvuu. Asodzi ndi osaka mbalame amadziwa kumene magulu agona, ndipo ndi bwino kuwalipira kuti akulondolereni.

Chimene ndimakaniza kwambiri ndi kuziwulutsa dala pofuna chithunzi. Mbalame ikauluka mwadzidzidzi imawononga mafuta amene yakhala ikusonkhanitsa, ulendo wodutsa chipululu cha Sahara kapena cha Arabia usanayambe n'komwe. Khalani pansi, zidzakuyandikirani zokha. Ndipo mukapeza yakufa kapena yokodwa ili ndi mphete yachitsulo kumwendo, imene ofufuza amaveka mbalame kuti adziwe maulendo ake, jambulani manambala ndi dzina la mzinda lolembedwapo, mulembe tsiku ndi malo, mukapereke ku bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi kapena ku ofesi ya zanyama zakutchire.