Za China: china ndi mphatso, china ndi ngongole

Pa ntchito yanga yosanthula nkhani za chuma cha boma, funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri ndi lakuti kodi dziko la China likutithandiza kapena likutidyera masuku pamutu. Funsoli silingayankhidwe bwino tisanasiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza akaona nyumba zikuluzikulu zomangidwa ndi makampani a ku China, zomwe ndi mphatso ndi ngongole.

Dziko la Malawi linakhazikitsa ubale waukazembe ndi China kumapeto kwa chaka cha 2007, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, litasiya ubale wa zaka zoposa 40 ndi Taiwan, amene anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Chimene China imafuna kwa bwenzi lililonse n'chodziwika: kuvomereza kuti China ndi imodzi ndipo Taiwan si dziko loima palokha. Lero mu Africa muno ndi Eswatini yekha amene adakali ndi Taiwan. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo atsogoleri a ku Beijing sanaiwale kuti mavoti a mayiko a mu Africa anawathandiza kutenga mpando wa China ku United Nations mu 1971.

Zimene zinabwera ubalewo utayamba tonse timaziona, koma sizinabwere mwa njira imodzi. Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, imene inatsegulidwa mu 2010, ndiponso msewu wa Karonga mpaka Chitipa zinali thandizo losabweza. Koma bwalo la zamasewero la Bingu, malo a misonkhano a Bingu International Convention Centre ndi sukulu yaukachenjede ya MUST ku Thyolo zinamangidwa ndi ngongole za ku banki ya boma la China ya Exim. Ngongole zotere zimakhala ndi chiwongola dzanja chotsika ndiponso zaka zingapo zopumira tisanayambe kubweza, ndipo n'chifukwa chake zimakoma pozitenga, koma zimabwezedwa ndithu, ndipo kawirikawiri mgwirizano umanena kuti kampani yomanga ichokere ku China komweko.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempha owerenga kuti apamvetsetse. Ngongole yakunja sibwezedwa ndi kwacha. Boma limatolera misonkho m'makwacha, kenako limagula madola kapena ndalama ina yakunja kuti lilipire. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, moti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Tanthauzo lake n'lakuti pa ngongole iliyonse ya madola 1 miliyoni, ndalama zofunika kubweza zinakwera kuchoka pa K1.18 biliyoni kufika pa K1.7 biliyoni tsiku limodzi, popanda wina kukongolanso ngakhale tambala. Bwalo la mpira limatolera ndalama za pakhomo m'makwacha, ndipo silibweretsa dola. Madola obwezera amachokera ku fodya, tiyi ndi shuga, ndipo ndi madola omwewo amene timafuna pogula mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala. Choncho pa ngongole iliyonse ndimayamba ndafunsa ngati ntchitoyo idzachulukitsa katundu wogulitsa kunja kapena kuchepetsa amene timaitanitsa. Malo opangira magetsi kapena njanji yopita kudoko angathe kudzibwezera okha m'njira imeneyi, pamene nyumba yokongola yochitiramo misonkhano ingavutike kutero.

Anansi athu a ku Zambia aona mbali zonse ziwiri. Pakati pa 1970 ndi 1975 China inamanga njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, pa ngongole yopanda chiwongola dzanja, mayiko a azungu atakana ntchitoyo, ndipo inapatsa mkuwa wa ku Zambia njira yopita kunyanja yosadzera ku Rhodesia (lero Zimbabwe). Dziko lomwelo la Zambia mu Novembala 2020 linalephera kulipira ngongole zake zakunja. Si China yokha imene inalikongoza, chifukwa linakongolanso zambiri kwa amalonda a ndalama a kunja, koma pa madola 6.3 biliyoni amene mayiko anagwirizana mu Juni 2023 kuti akonzenso kabwezedwe kake, gawo lalikulu linali la China. Zokambiranazo zinatenga zaka, anthu wamba akumva kuwawa kwa mitengo ya zinthu.

Pa zamalonda, aliyense amene analowapo m'sitolo za ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe amadziwa kumene sikelo yapendekera. Mafoni, ndowa zapulasitiki, nsapato, matochi ndi zida zamagetsi a dzuwa zimachokera ku China, ndipo kutsika mtengo kwake kwathandiza mabanja ambiri, pamene ife timatumizako zochepa kwambiri, makamaka zosakonzedwa. Kuyambira mu Disembala 2024, China inachotsa msonkho pa katundu yense wochokera kumayiko osauka kwambiri amene ili nawo paubale, kuphatikizapo Malawi. Khomo limeneli ndi lenileni, koma kuti mlimi wa soya ku Mchinji apindule nalo pakufunika mbewu yochuluka, yofanana ubwino wake, ndiponso ziphaso zotsimikiza kuti ilibe tizilombo kapena chuku.

Kuno kwathu ngongole zakunja za boma zimadutsa ku Nyumba ya Malamulo ngati mabilu, ndipo ndi pamenepo pamene nzika ili ndi mawu. Bilu yotere ikafika, phungu wa dera lanu ayenera kukuuzani chiwongola dzanja chake, chaka chimene tidzayambe kubweza, mtundu wa ndalama imene tidzabwezere, chimene chaikidwa chikole, ndiponso kuchuluka kwa ntchito imene idzapatsidwe kwa makampani ndi amisiri a m'dziko muno.