Chimbale cha "live" sichituluka m'mawa mwake

Ambiri amaganiza kuti chimbale chojambulidwa pamaso pa anthu, makamaka cha punk rock (mtundu wa nyimbo za magitala zothamanga ndi zaphokoso), n'chongotchera makina usiku umodzi kenako n'kuyamba kugulitsa. Ayi ndithu. Taonani It's Alive cha gulu la Ramones la ku New York. Mu Disembala 1977 anajambula zoimbaimba zinayi ku Britain, n'kusankhapo za pa 31 Disembala ku Rainbow Theatre, London. Mawu a woimba, gitala, besi ndi ng'oma, chilichonse chinali ndi maikolofoni yake, ndipo Ed Stasium, katswiri wojambula nyimbo, ndi Tommy Ramone, woimba ng'oma wa gululi, anakazisakaniza mu situdiyo, kukweza apa, kutsitsa apo. Nyimbo 28 za m'chimbalechi, zothamanga kwadzaoneni, zinatuluka mu Epulo 1979. Apo n'kuti Tommy atasiya kale kuimba ng'oma, Marky Ramone atalowa m'malo mwake.