Foni ya Milly Dowler ndi zomwe apolisi ankadziwa mu 2002

Ku Britain, ukabuka mkangano wa yemwe ayenera kuyang'anira manyuzipepala, sipapita nthawi dzina la Milly Dowler lisanatchulidwe. Ambiri amakumbukira zoti nyuzipepala ya News of the World idatsekedwa chifukwa cha foni ya mwanayu. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina yomwe ine imandiwawa kwambiri, ndiyo ya apolisi, ndipo kuti imveke bwino tiyambire pa tsiku lomwe mwanayo adasowa.

Lidali Lachinayi, pa 21 Malichi 2002. Milly, yemwe dzina lake lenileni ndi Amanda, adali ndi zaka 13 ndipo ankaphunzira pa sukulu ya Heathside ku Weybridge, m'chigawo cha Surrey, kufupi ndi mzinda wa London. Ataweruka adakwera sitima ndi anzake monga mwa masiku onse. Siteshoni yake idali ya Hersham, koma tsikulo adatsikira pa Walton-on-Thames kuti adye tchipisi ndi anzake pa kalesitilanti ka pasiteshonipo. Nthawi ili 3:47 masana adaimbira bambo ake kuwauza kuti afika pakangotha theka la ola. Itangodutsa pang'ono 4 koloko, mnzake wa mkulu wake yemwe ankadikira basi adamuona akuyenda wapansi mumsewu wa Station Avenue ali mu yunifomu. Kutsogolo pang'ono pamsewu womwewo padali kamera ya CCTV pa nyumba ya kampani ya Birds Eye, koma Milly sadaoneke akudutsa. Ndiye kuti adasowera pa kamtunda kakafupi zedi, masanasana, pamsewu wodutsa anthu ndi magalimoto.

Pofika 7 koloko madzulo makolo adali atakanena kale ku polisi. Apolisi a Surrey adatulutsa anthu pafupifupi 100, agalu ndi helikopita, nafufuza m'minda, m'tchire ndi m'mitsinje. Pulogalamu ya pa TV ya Crimewatch idaonetsa momwe adayendera tsikulo, ndipo dziko lonse lidaona kavidiyo ka kunyumba koonetsa Milly akusita zovala uku akuseka. Nyuzipepala ya The Sun idalonjeza mapaundi 100,000 kwa aliyense wothandiza kuti apezeke. Padapezekanso anthu oipa mtima omwe ankaimbira banjali foni kapena kulemba makalata abodza, wina kunamizira kuti iye ndi Milly, wina kunena kuti wamupha ndi iye, mpaka ena mwa iwo adamangidwa.

Miyezi isanu ndi umodzi idatha. Pa 18 Seputembala, anthu ofuna bowa m'nkhalango ya Yateley Heath ku Hampshire, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Walton, adapeza mafupa a munthu. Madokotala adazindikira kuti ndi Milly poona mano. Yunifomu, chikwama ndi foni yake sizidapezeke mpaka lero, ndipo thupi lidali litaonongeka kotero kuti chomwe chidamupha sichidadziwike.

Kafukufuku wa apolisi, yemwe adamutcha Operation Ruby, adali wamkulu koposa wina aliyense m'mbiri ya polisi ya Surrey, komabe adaphonya zinthu zomwe zidali pafupi penipeni. Poyamba maso awo adali pa bambo ake a Milly. Kuyamba ndi a m'nyumba ndi mwambo wa apolisi kulikonse, ndipo pali zifukwa zake, koma pamene ankataya nthawi kumeneko, wakuphayo adali ndi nyumba ya lendi ku Collingwood Place, mamita ochepa chabe kuchokera pomwe Milly adaonekera komaliza. Apolisi adagogoda pakhomopo maulendo pafupifupi khumi osayankhidwa, ndipo sadalondole kuti ankakhalamo ndani pa tsiku lomwe mwana adasowa. Dzulo lake, pa 20 Malichi, bambo wina wa m'galimoto yofiira adayesa kunyengerera kamtsikana ka zaka 11 ku Shepperton, dera loyandikana nalo, kuti kakwere. Mayi ake a kamtsikanako adakanena ku polisi, koma lipotilo silidalumikizidwe ndi nkhani ya Milly. Kamera ya ku Birds Eye ija idajambula galimoto yofiira ya mtundu wa Daewoo Nexia ikuchoka pamalopo patangopita mphindi zochepa Milly atasowa. Idali ya chibwenzi cha Levi Bellfield, munthu yemwe ankagwira ntchito yolondera pakhomo la malo omwera mowa komanso yomanga matayala a magalimoto oimikidwa molakwika. Galimotoyo sidapezekenso.

Mtengo wa kuphonya kumeneku udali miyoyo ya ana a eni. Mu Febuluwale 2003 Bellfield adapha Marsha McDonnell wa zaka 19 ku Hampton. Mu Meyi 2004 adagunda dala ndi galimoto Kate Sheedy wa zaka 18, yemwe adapulumuka koma atavulala kodetsa nkhawa. Mu Ogasiti chaka chomwecho adapha Amélie Delagrange, mtsikana wa ku France wa zaka 22, ku Twickenham. Omwe adamugwira mu Novembala 2004 ndi apolisi a ku London, ndipo ndi iwo adazindikira kuti munthuyu adakhalapo ku Walton, nadziwitsa anzawo a ku Surrey. Mu Febuluwale 2008 khoti lidamupeza wolakwa pa milandu itatuyo. Tinenenso chilungamo kuti si atolankhani onse adaipitsa nkhaniyi: David Collins wa Daily Mirror ndiye adachititsa Bellfield kuvomera ali m'ndende kuti ankayendetsa galimoto yofiira ija tsikulo, ndipo umboniwo udathandiza.

Mlandu wa Milly udalowa m'khoti la Old Bailey mu Meyi 2011, patatha zaka zisanu ndi zinayi. Bellfield sadaime n'komwe kuti adziteteze ndi pakamwa pake. Omwe adaima n'kupanikizidwa ndi mafunso ndi makolo a malemu. Loya wa Bellfield ankafuna kuonetsa kuti Milly adathawa pakhomo chifukwa chosasangalala, choncho adawerenga pagulu timakalata ta mwanayo ta chinsinsi, naulula za kuchipinda za bambo ake dziko lonse likumva. Mayi ake adakomoka atamaliza kuperekera umboni. Pa 23 Juni Bellfield adapezeka wolakwa ndipo tsiku lotsatira adalamulidwa kukhala m'ndende mpaka imfa. Kunja kwa khoti bambo ake a Milly adati banja lawo lalipira mtengo wokwera kwambiri kuti chigamulochi chipezeke. Mkulu wa apolisi a Surrey pa nthawiyo, Mark Rowley, adapepesa chifukwa cha zolakwika za pa kafukufuku.

Banjali lisanapume n'komwe, pa 4 Julayi 2011, nyuzipepala ya The Guardian idatulutsa nkhani ya Nick Davies ndi Amelia Hill yoti m'masabata omwe Milly ankafunidwa, anthu a News of the World ankamvetsera mobisa mauthenga a mawu omwe abale ndi anzake ankasiya pa foni yake. Njira yake sidali yovuta. Masiku amenewo munthu ankatha kumvera mauthenga ake kuchokera pa foni ina iliyonse polemba nambala ya chinsinsi, ndipo ambiri sankasintha nambala yomwe kampani idawaikira. Pomwe yasinthidwa, ankaimbira kampaniyo monamizira kuti ndi antchito anzawo. Katswiri wa ntchitoyi adali Glenn Mulcaire, wofufuza wolipidwa ndi nyuzipepalayo.

Kumvetsera mafoni a anthu sikudali kwachilendo. Mu Januwale 2007 Mulcaire ndi mtolankhani Clive Goodman adamangidwa chifukwa chomvetsera mafoni a antchito a banja lachifumu, ndipo mkonzi Andy Coulson adatula pansi udindo. Eni nyuzipepalayo adaumirira kuti adali mtolankhani mmodzi yekha wosamvera. Apolisi a ku London adali ndi masamba pafupifupi 11,000 a zolemba za Mulcaire, odzaza ndi maina ndi manambala, koma adangowasunga. Coulson adakalembedwa ntchito ndi David Cameron ngati mkulu woona zofalitsa nkhani, mpaka kulowa naye ku Downing Street, ofesi ya nduna yaikulu, pomwe Cameron adakhala nduna yaikulu ya dzikolo mu 2010. Malinga ngati omvetseredwa adali andale, osewera mpira ndi a zisudzo, anthu wamba sankatekeseka kwenikweni. Atamva kuti ndi mwana wophedwa, dziko lidatentha.

Chomwe chidabaya anthu kwambiri ndi zomwe mayi ake a Milly adakumana nazo patatha masiku atatu mwana atasowa. Tsiku lililonse ankaimba foni ya mwana wawo, koma malo a mauthenga adali atadzaza, ndiye ankangomva mawu a makina. Tsikulo adapita ndi amuna awo ku nyumba ya Birds Eye kukaona zithunzi za CCTV. Ali komweko adaimbanso, ndipo mwadzidzidzi adamva mawu a Milly mwini wake, aja ojambulidwa opempha woimba kuti asiye uthenga. Adalumpha n'kufuulira amuna awo kuti mwana wamvera mauthenga ake, ali moyo. The Guardian idalemba kuti atolankhani ndiwo adafufuta mauthenga kuti apeze malo a ena atsopano. Mu Disembala 2011 zidadziwika kuti mwina makina a kampani ya foni ndiwo ankafufuta okha pakatha maola 72, ndipo The Guardian idakonza nkhani yake. Apolisi pambuyo pake adati sizingatheke kutsimikiza chomwe chidachitika. Otsutsa The Guardian amagwira mfundo imeneyi mpaka pano, ndipo ali ndi ufulu kutero, pakuti cholakwikacho sichidali chaching'ono. Koma kumvetsera kwenikweniko palibe adakukana. Makolowo adafotokozanso kuti patatha masabata asanu ndi awiri adaganiza zoyenda okha mwakachetechete njira yomwe mwana wawo adayenda, osauza atolankhani, koma chithunzi chawo chidatuluka mu News of the World.

Tsopano nayi mbali ya apolisi. Pa foni ya Milly padalowa uthenga wochokera ku kampani yopezera anthu ntchito, womwe udali wa munthu wina, woimbayo adangolakwitsa nambala. A News of the World ataumva adakhulupirira kuti Milly ali moyo ndipo akufuna ntchito. M'malo mothamangira ku polisi nthawi yomweyo, adayamba atumiza atolankhani awo ku fakitale ina ku Telford kuti akamupeze okha. Atalephera ndi pomwe adalankhula ndi apolisi a Surrey, nawauza poyera kuti uthengawo autenga pa foni ya mwanayo. Pa 14 Epulo 2002 adasindikiza nkhani yotchula uthengawo. Choncho apolisi adadziwa mu Epulo 2002 kuti nyuzipepala yalowa mu umboni wa mlandu wa mwana wosowa, chomwe chidali kale mlandu pa malamulo a dzikolo. Sadamange aliyense, sadatsegule kafukufuku, ndipo ngakhale Mulcaire atamangidwa mu 2007 adangokhala duu. Banja lidauzidwa mu 2011, mlandu wa Bellfield utatsala pang'ono kuyamba. Bungwe loona madandaulo okhudza apolisi la IPCC lidapeza mu 2013 kuti nkhaniyi inkadziwika m'magulu onse a ofufuzawo, koma akuluakulu atafunsidwa ankaoneka ngati onse aiwalira limodzi. Ndikhulupirira kuti akadachitapo kanthu mu 2002, anthu mazanamazana omwe adamvetseredwa m'zaka zotsatira akadatetezeka.

Zotsatira za nkhani ya The Guardian zidathamanga. Makampani adachotsa malonda awo, ndipo pa 10 Julayi 2011 News of the World, yomwe idayamba mu 1843 ndipo inkagulitsa makope oposa 2.5 miliyoni Lamulungu lililonse, idatuluka komaliza. Antchito pafupifupi 200 adataya ntchito, ambiri a iwo osakhudzidwa n'komwe ndi za 2002. Kampani ya Rupert Murdoch, mwini wake wa nyuzipepalayo, idasiya zogula kanema wa BSkyB yense. Pa 15 Julayi a Murdoch adakumana ndi banja la Dowler n'kupepesa pamaso, ndipo pambuyo pake banjali lidalandira chipepeso cha mapaundi 2 miliyoni, pomwe 1 miliyoni ina idapita ku mabungwe achifundo. Mkulu wa apolisi a ku London, Paul Stephenson, adatula pansi udindo. Mu 2014 Coulson adagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18, pomwe Rebekah Brooks, yemwe adali mkonzi mu 2002, adapezeka wosalakwa ndipo mu 2015 adabwerera kukatsogolera kampaniyo ku Britain.

A Cameron adakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Brian Leveson, ndipo makolo a Milly adali m'gulu la oyamba kuperekera umboni. Lipoti la pa 29 Novembala 2012 lidati pakhale bungwe loima palokha loyang'anira manyuzipepala, lokhala ndi lamulo kumbuyo kwake. Apa ndi pomwe mkangano wa lero udagona. Eni manyuzipepala amati dzanja la Nyumba ya Malamulo likangolowa, ufulu wa atolankhani watha, ndipo mantha amenewa ndi omveka kwa aliyense wodziwa zomwe boma limatha kuchita ndi lamulo lotere. Ozunzidwa amati manyuzipepala adapatsidwa mwayi wodziyang'anira okha kambirimbiri ndipo adalephera. Mapeto ake manyuzipepala akuluakulu ambiri adapanga bungwe lawo la IPSO mu 2014, lomwe silidapemphe kuvomerezedwa mwa njira yomwe idakonzedwa potsatira lipotilo, ndipo bungwe lovomerezedwa la Impress lidatsala ndi ofalitsa ang'onoang'ono.

Kafukufuku wa Leveson adagawidwa pawiri. Gawo lachiwiri lidayenera kudikira kuti milandu ya kukhoti ithe, kenako lifufuze mwatsatanetsatane yemwe adachita chiyani, kuphatikizapo ubale wa apolisi ndi manyuzipepala ndi chifukwa chomwe apolisi adakhalira chete atadziwa. A Cameron adalonjeza ozunzidwa kuti gawolo lidzachitika. Pa 1 Malichi 2018, nduna yoona zofalitsa nkhani, Matt Hancock, idauza Nyumba ya Malamulo kuti boma lathetsa gawo lachiwirilo, ngakhale Leveson mwini wake adalembera boma kuti sakugwirizana nazo.