Magna Carta inafa patangotha masabata khumi, nanga inadzuka bwanji?

Mu May 2025 kunamveka kankhani koseketsa kuchokera ku yunivesite ya Harvard ku America. Chikalata china chomwe laibulale ya sukulu yawo ya zamalamulo inagula mu 1946 pa madola 27.50 basi, akumaganiza kuti ndi kope wamba, chinapezeka kuti ndi Magna Carta yeniyeni ya mu 1300, ya nthawi ya Mfumu Edward I ya ku England. Magna Carta ndi chikalata cha malonjezo omwe mfumu inapanga oika malire pa mphamvu zake, choyamba chinatuluka mu 1215. Anachitulukira ndi David Carpenter wa ku King's College London, amangoyang'ana zithunzi pa intaneti, kenako ndikuitana mnzake Nicholas Vincent kuti atsimikize. Ndiye anthu anayambanso nyimbo yawo ija, kuti ichi ndiye chikalata chomwe chinabala ufulu, kuti pa 15 June 1215 Mfumu John inagonja pamaso pa lamulo. Ine zimenezo ndimangozivomera theka. Cha 1215 chija chinangokhala masabata khumi okha, ndipo anachipha ndi Papa.

Tiyambe ndi mwini mlanduyo. John analowa ufumu wa England mu 1199, pofika 1204 anali ataluza Normandy, dera lake la kumpoto kwa France, kwa Mfumu Philip II ya ku France. Zaka khumi zotsatira anangokhalira kufinya anthu kuti apeze ndalama zokamenyera nkhondo yolandanso dziko lija, misonkho, zindapusa, ukafuna kulowa chuma cha bambo ako ulipire, mkazi wamasiye akafuna kuti asamukakamize kukwatiwanso alipire. Ndalama zonsezo zinakathera ku nkhondo ya ku Bouvines pa 27 July 1214, komwe anzake omuthandiza anakwapulidwa koopsa. Anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo mabaroni, mabwana akuluakulu a malo aja, anati apa ndiye zakwana.

Koma si ndalama zokha. Pali nkhani ya banja la de Braose yomwe ndimaona kuti ndiyo inawalowetsa mantha mabaroniwo. William de Braose anali wokondedwa wa mfumu, kenako zinthu zinasokonekera. John mwini anasiya kalata yofotokoza kuti nkhani inali ya ngongole, za malo a ku Limerick. Roger wa ku Wendover, mmonke yemwe analemba patapita zaka, akuti ayi, anthu a mfumu atabwera kudzatenga ana ngati chikole, mkazi wa William, Matilda, anawayankha pamaso kuti sangapereke ana ake kwa munthu yemwe anapha mwana wa mchimwene wake. Amanena Arthur wa ku Brittany, mnyamata yemwe anasowa mu 1203 ali m'manja mwa John. Amonke a ku Margam ku Wales analemba kuti John anamupha yekha ataledzera ku Rouen, ndikumumangirira mwala kumuponya mu mtsinje wa Seine. Wendover amakonda kuthira mchere, zimenezo olemba mbiri amavomereza, komanso amonke ambiri anali ndi chifukwa ndi John poti anakangana ndi mpingo zaka zambiri. Koma mathero ake palibe amatsutsa. Mu 1210 Matilda ndi mwana wake wamkulu anatsekeredwa ndikuwamana chakudya mpaka kufa. Ena amati kunali ku Windsor, ena ku Corfe. Kunalibe khoti, kunalibe mlandu wozengedwa.

Ukawerenga ndime 39 ya Magna Carta uli ndi mayi uja m'mutu imamveka mwina. Imati munthu yemwe ndi mfulu asagwidwe, asatsekeredwe, asalandidwe katundu kapena kuthamangitsidwa m'dziko pokhapokha ataweruzidwa ndi anzake ofanana naye kapena potsata lamulo la dziko. Ya 40 ndi kachiganizo kamodzi, chilungamo sitigulitsa, sitimana munthu, sitichedwetsa. Ife omwe makhoti athu anatengera za Angelezi, tikamakangana zoti apolisi asasunge munthu kupyola maola 48 osamutengera ku khoti, chingwe chake ngakhale ndi chachitali chokhotakhota chimakafika kumeneko. Kungoti "mfulu" mu 1215 sanali aliyense, alimi ambirimbiri anali omangika pa minda ya mabwana awo ndipo ndimeyi sinawaganizire kwenikweni. Zina mwa ndime 63 zija ndi za tsiku ndi tsiku zedi, ina imangoti mipanda yotchingira nsomba ichotsedwe mu Thames ndi Medway.

Mabaroni analanda London pa 17 May 1215, John anaona kuti palibe kuchitira mwina, anakumana pa dambo la Runnymede, Arkibishopu Stephen Langton ali pakati. Zithunzi zija zoonetsa John atagwira nthenga akusaina monyinyirika ndi zabodza, anaikapo chidindo. Vuto linali ndime 61. Inapereka mphamvu kwa mabaroni 25 kuti mfumu ikaphwanya pangano, patatha masiku 40 osakonza, alande nyumba zake zankhondo ndi malo ake. Mfumu iti ingalole zimenezo? John anadandaula kwa Papa Innocent III, yemwe kuyambira 1213 anali bwana wake, paja John anapereka England m'manja mwa Papa pothetsa mkangano wawo, womwe unabuka John atakana kuti Langton akhale arkibishopu. Pa 24 August Papa analemba kuti chikalatacho ndi chochititsa manyazi, mfumu inachita kukakamizidwa, ndipo nchopanda ntchito mpaka kalekale. Langton atakana kulengeza zochotsa oukirawo mu mpingo anamuimitsa pa udindo. Nkhondo inabuka, mabaroni anaitana Louis, mwana wa mfumu ya France, ndipo anafika mu May 1216 ndikulandiridwa mu London.

Apa ndi pomwe ine ndimati nkhani inatembenukira, osati ku Runnymede. Mu October 1216 John anadwala kamwazi, katundu wake wina anamira powoloka matope a m'mbali mwa nyanja ku Wash, ndipo anafera ku Newark usiku wa pa 18 kuchera pa 19. Anasiya mwana wa zaka 9, Henry. Taganizani, London ili ndi adani, gawo lalikulu la dziko lili kwa Louis, kamwanako anakaveka ufumu mothamanga ku Gloucester pa 28 October poti ku Westminster, komwe amavekera mafumu, kunali kosafikika. Womuyang'anira anali William Marshal, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70 yomwe inatumikira mafumu angapo motsatana. Nkhalambayi inaona chinthu chimodzi, kuti oukira aja chidani chawo chinali pa John, ndipo John kulibe. Ndiye pa 12 November ku Bristol anatulutsanso chikalata chomwe chija m'dzina la mwanayo, atachotsamo ndime 61 ndi zina zovuta. Choseketsa kwambiri nchakuti chidindo china chinali cha Guala, nthumwi ya Papa. Innocent anali atamwalira mu July. Chikalata chomwe Roma anati chafa mpaka kalekale, pasanathe chaka ndi miyezi itatu munthu wa Roma yemweyo akuchidinda.

Kodi Marshal ankakhulupiriradi zomwe zinali m'menemo kapena inali nyambo chabe yokokera mabaroni? Zolembedwa sizitiuza za mumtima mwake, mwina zinali zonse ziwiri. Sikuti anthu anathamangira kumbali ya mwanayo nthawi yomweyo ayi, mpaka anamenyana kaye ku Lincoln mu May 1217 ndi panyanja kufupi ndi Sandwich, Louis ndikubwerera kwawo. Koma chikalata chinali chasintha mwini. Poyamba chinali chida cha oukira, tsopano chinali lonjezo la nyumba yachifumu, ndipo lonjezo lotero umatha kumukumbutsa mwini wake nthawi iliyonse akafuna msonkho. Ndi zomwe zinachitika mu 1225, mwana uja, Henry III, anachitulutsanso posinthana ndi msonkho. Dzina loti Magna Carta linabwera cha mu 1217 pongofuna kuchisiyanitsa ndi chinzake chaching'ono cha nkhalango. Zotsatira zake ndingodutsa, Edward I anachitsimikiza mu 1297 ndi 1300, chinadzagona tulo, maloya ngati Edward Coke ndikuchidzutsa m'zaka za m'ma 1620 polimbana ndi Mfumu Charles I, akuwerengamo zinthu zina zomwe mabaroni aja sanazilote nkomwe.

Ndiye cha ku Harvard chija mawu ake ndi a 1225, mulibe mabaroni 25. Za 1215 zenizeni zatsala zinayi, ziwiri ku British Library, china ku Lincoln, china ku Salisbury.

Kanthu kena kakang'ono. Kutatsala masiku ochepa kuti afe, ali kale paulendo wake womaliza uja, John anapereka malo ku Aconbury kwa Margaret, mwana wamkazi wa Matilda, kuti amangepo nyumba ya masisitere yopempherera mizimu ya bambo a Margaret, mayi ake ndi mlongo wake uja.