Musanagule tikiti ya ndege, tsegulani kaye pasipoti yanu

Pa ntchito yanga yokonzera anthu maulendo a pandege, palibe chimene chanditopetsa kuposa kuona munthu amene akupita kunja koyamba kukachita tchuthi akuyambira kumapeto. Amabwera ndi mndandanda wa malo amene waona pa Facebook ndi pa YouTube, amadziwa kale pamene akaime pojambulitsa pa Eiffel Tower, ndipo mwina walipira kale tikiti yotsika mtengo imene anaipeza usiku pa intaneti. Koma ndikamufunsa tsiku limene pasipoti yake ithere mphamvu, amangoyang'ana kudenga.

Pasipoti imene sinathe mphamvu ikhoza kukanidwa ndithu. Mayiko ambiri, monga Thailand, Indonesia ndi United Arab Emirates, amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo pa tsiku limene mukulowa m'dziko lawo. Mayiko a ku Ulaya a m'chigawo cha Schengen, amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, amafuna kuti ikhale ndi miyezi 3 yotsala kuchokera pa tsiku limene mudzatuluke, ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ndiponso ikhale ndi masamba awiri osadindidwa ngati mukupempha viza. Kawirikawiri amene adzakubwezeni si wa kumene mukupitako ayi, koma wogwira ntchito wa kampani ya ndege pa kauntala yoonetsera matikiti, chifukwa kampaniyo imalipitsidwa chindapusa ikanyamula munthu wopanda mapepala oyenera, ndiponso imayenera kumubweza yokha. Iye amangowerenga zimene kompyuta yamuuza, ndipo kudandaula kwanu sikungasinthe kanthu. Chimodzimodzinso dzina la pa tikiti: lifanane ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo.

Pa nkhani ya viza m'pamene kuzengereza kumapweteka anthu ambiri. Viza ya Schengen mukhoza kuipempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo lamulo limati musapemphe kutatsala masiku ochepera 15. Yankho limabwera kawirikawiri m'masiku 15, koma a ku ofesi ya kazembe akhoza kulichedwetsa mpaka masiku 45 akafuna kufufuza zambiri. Chimene anthu sachiwerengera n'chakuti masiku amenewa amayamba pamene mwapereka mapepala, pomwe kupeza tsiku lokaperekera mapepalawo kumatha kutenga milungu, makamaka ikamayandikira miyezi ya Juni mpaka Ogasiti pamene aliyense akuthamangira ku Ulaya. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo pempho limapita ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukakhalitseko, osati imene ili ndi mzere waufupi. Britain ndi Ireland sali m'chigawo chimenechi, choncho ngakhale sitima ya Eurostar imachoka ku Paris n'kufika ku London m'maola awiri ndi mphindi zochepa, viza ya Schengen sikukwezani sitimayo ngati pasipoti yanu imafunika viza ya Britain. Funsaninso za dziko limene mukungosinthirako ndege, pakuti ena amafuna viza ngakhale simutuluka m'bwalo la ndege. N'chifukwa chake ndimakana kugulitsa tikiti yosabwezeka ndalama kwa munthu amene viza yake sinatuluke, ngakhale ena amachoka atandikwiyira.

Nthawi ikathina chonchi, m'pamene madobadoba amalowerera. Munthu aliyense amene akukulonjezani kuti viza ituluka mosakayika, kapena kuti ali ndi mnzake m'kati mwa ofesi ya kazembe, ndi wakuba, ndipo sindifuna kumupezera dzina lina lofewa. Ine ndemwe, ndi ntchito yanga yonseyi, sindingalonjeze viza, chifukwa wogamula ndi kazembe yekha.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti akaone Rome ndi Vatican. Anali ndi penshoni yolowa mwezi ndi mwezi, nyumba yakeyake, ndi ana ndi adzukulu oti abwerereko, zomwe ndi zinthu zenizeni zimene akazembe amayang'ana pofuna kutsimikiza kuti munthu adzabwerera kwawo. Dobadoba wina anawauza kuti ndalama za mu akaunti yawo n'zochepa ndipo iye akonza. Anawapangira sitetimenti ya kubanki yabodza ndi kalata ya hotela imene sinasungitsidwe n'komwe, mayiwo n'kusaina fomu osaiwerenga. A ku ofesi ya kazembe anafunsa kubanki, bodza linaonekera, ndipo viza inakanidwa. Pamene anafika kwa ine atanyamula envulopu yawo ya khaki, ndinayala mapepala awo enieni patebulo, ndipo m'kuona kwanga anali okwanira bwino lomwe pa ulendo waufupi umene ankafuna. Analipira munthu kuti awaonongere pempho limene likanatha kudutsa lokha. Choipitsitsa n'chakuti mayiko a Schengen amasunga mbiri ya mapempho a viza m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta kwa zaka 5, kotero kupita kwa kazembe wa dziko loyandikana nalo sikubisa kanthu. Britain ndiye amatha kuletsa munthu kulowa m'dziko lawo mpaka zaka 10 akapezeka kuti anapereka zabodza. Dobadoba uja foni yake inaleka kupezeka, koma siginecha ya pa fomu inali ya mayiwo.

Za umoyo nazo sizifuna changu cha m'mawa wonyamuka. Ngati dziko limene mukupita likufuna chiphaso cha katemera wa yellow fever, dziwani kuti chimayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayitsireni, ndipo kuyambira 2016 bungwe la WHO linati katemera mmodzi ndi wokwanira moyo wonse. Chiphaso chogula popanda kubayitsa ndi bodza linanso loika moyo wanu pachiswe. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, anyamuleni m'mapaketi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo fufuzani ngati ali ololedwa, chifukwa mankhwala opha ululu monga codeine ndi tramadol amafunika chilolezo ku United Arab Emirates.

Zonsezi zikalongosoka, ndiye tingakambe za malo okaona, ndipo apa langizo langa ndi loti muchotse theka la mndandanda wanu. Wofuna kuona mayiko asanu pa mlungu umodzi amangoona mabwalo a ndege ndi masiteshoni a sitima, n'kubwerako atatopa kuposa mmene anapitira. Mizinda iwiri ndi yokwanira pa ulendo woyamba, ndipo tsiku lofikira musaliikire chochita chilichonse cholipiriratu. Malangizo a m'mavidiyo ndi abwino pokupatsani chilakolako, koma amakalamba msanga, choncho masiku ndi nthawi zotsegulira muzitsimikize pa webusaiti ya malo enieniwo. Ku nyumba yosungiramo zakale ya Louvre ku Paris satsegula Lachiwiri, Taj Mahal ku Agra, m'dziko la India, satsegulira alendo Lachisanu, ndipo nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican zimatsekedwa Lamlungu kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi. Ku Anne Frank House ku Amsterdam, nyumba yokumbukira mtsikana wachiyuda Anne Frank, matikiti amagulitsidwa pa intaneti pokha ndipo amatha msanga, kotero kungofika pakhomo n'kutaya tsiku.

Yang'ananinso bwino tikiti yotsika mtengo ija. Bwalo la ndege la Beauvais limalembedwa pansi pa dzina la Paris, koma lili pa mtunda wa makilomita oposa 80 kuchokera mumzindawo. Mukagula matikiti awiri osiyana kuti mulumikize ulendo, ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri ilibe udindo wokudikirani kapena kukupatsani mpando wina, ndipo katundu wanu muyenera kumutenga n'kukamuperekanso nokha, zomwe nthawi zina zimafuna kuti mulowe m'dziko limene mulibe viza yake. Pa tikiti imodzi yopita ndi yobwerera, mukaphonya ndege yoyamba, makampani ambiri amafufuta maulendo onse otsala, kuphatikizapo wobwerera kwanu.