Kodi wasayansi wa mabatire timamuyeza ndi chiyani?

Mukatsegula tsamba la wasayansi pa Scopus, nkhokwe ya pa intaneti ya zolemba za sayansi, mwa zoyamba kuona pali manambala awiri: mapepala a kafukufuku amene walemba, ndi kuchuluka kwa nthawi zimene anzake awatchula m'zolemba zawo. Ife ofufuza zopangira mabatire timawagwiritsa ntchito manambalawa polemba anthu ntchito ndi pogawa ndalama za kafukufuku, choncho ndi bwino kudziwa pamene amathandiza ndi pamene amasocheretsa.

Kutchulidwa kumabwera motere. Ndikamalemba zimene ndapeza, ndiyenera kusonyeza mapepala a ena amene ndatsamirapo, ndipo aliyense amene ndamutchula amawerengeredwa kamodzi. Eugene Garfield ndiye adayamba kusonkhanitsa zimenezi mwadongosolo, ndipo Science Citation Index yake, mndandanda wosonyeza kuti pepala lililonse latchulidwa ndi ndani, idatuluka mu 1964. Mu 2005 Jorge Hirsch wa ku University of California, San Diego, adabweretsa muyeso wotchedwa h-index. Munthu wa h-index 40 ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa ka 40 kapena kuposa. Pepala limodzi lamwayi silingamukweze, ngakhalenso mulu wa mapepala amene palibe akuwawerenga.

Nthawi zina manambala amanena zoona. Mu 1980, ku Oxford, John Goodenough ndi anzake adasonyeza kuti lithium cobalt oxide ikhoza kukhala cathode, mbali ya batire imene lithium amachokako potchaja n'kubwererako foni ikamagwira ntchito, ndipo imapereka mavolti pafupifupi 4. Mu 1997, ali ku University of Texas ku Austin, gulu lake lidatulutsa pepala la lithium iron phosphate, yomwe ilibe cobalt komanso sigwira moto msanga. Lero ili m'galimoto zambiri zamagetsi ndi m'mabatire osungira magetsi a dzuwa. Mapepala onse awiri atchulidwa kambirimbiri, ndipo akuyenera.

Koma taonani nkhani ya Akira Yoshino. Iye ankagwira ntchito ku kampani ya Asahi Kasei ku Japan, ndipo adawerenga pepala la Goodenough la 1980 lija. Adaphatikiza cathode imeneyo ndi anode (mbali inayo ya batire) ya kaboni, ndipo mu 1985 adapanga batire lokhoza kulowa m'manja mwa anthu popanda chiopsezo cha chitsulo cha lithium chenicheni. Kampani ya Sony idayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion mu 1991. Ntchito yaikulu ya Yoshino idalembedwa m'ziphaso za umwini wa luso, zimene amati patent, ndipo muyeso wa h-index sudapangidwire zimenezo. Komabe mu 2019 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Goodenough ndi Stanley Whittingham. Onaninso nthawi yake: kuchoka pa pepala la 1980 kufika m'sitolo padadutsa zaka 11, pamene impact factor, muyeso wotchuka wa magazini a sayansi, imayang'ana mapepala a zaka ziwiri zokha zapitazo.

Palinso zina zokweza manambala popanda luso latsopano. Pepala longosonkhanitsa zimene ena adapeza kale limatchulidwa kwambiri chifukwa aliyense amalifuna poyambira nkhani yake. Ofufuza za mabatire ndi ochuluka zedi padziko lonse, ndiye manambala awo sangayerekezedwe ndi a munthu wa nthambi yaing'ono ya sayansi. Ena amadzitchula okha mopitirira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chili m'labotale. Zambiri zatsopano timaziyesa m'tibatire tating'ono tooneka ngati ndalama yachitsulo. Munthu akapaka mankhwala ake mopyapyala kwambiri, n'kuthira electrolyte wambiri (madzi amene lithium amadutsamo pakati pa mbali ziwiri za batire) ndi kuikamo lithium woposa wofunika, kabatire kameneka kamatchajidwa kambiri osafooka, ndipo zotsatira zimaoneka zokongola. Pepala lotere limatchulidwa msanga. Koma batire la galimoto lilibe malo a zinthu zowonjezera. Gilamu iliyonse iyenera kugwira ntchito. Mankhwala omwewo akapakidwa mochindikala, electrolyte n'kuchepetsedwa, kawirikawiri mphamvu ija imatsika. Wofufuza amene watha zaka akuyesa bwinobwino n'kupeza kuti chinthu sichikugwira sapeza omutchula ambiri, chonsecho wapulumutsa anzake ku ntchito yopanda phindu. Zimenezi zimandipweteka, makamaka ndikaganizira achinyamata amene akuphunzira kuti chofunika ndi nambala yaikulu.

Mu 2012 akonzi a magazini ndi asayansi adagwirizana ku San Francisco mfundo zotchedwa DORA, zoti munthu asayezedwe ndi impact factor ya magazini imene adalembamo. Ine ndikapatsidwa mbiri ya wofufuza, manambala ndimawaona ndithu, kenako ndimasankha mapepala ake atatu n'kuwawerenga. Ndimafufuza kuti adapaka mankhwala ochuluka bwanji, electrolyte adathira wotani, batire lidatchajidwa kangati lisanafooke, ndiponso ngati labotale ina idabwereza ntchitoyo n'kupeza zomwezo.