Mwakasewera ski kumalo a ma Olympics, bondo latupa, ndiye mukuti mwangobinya?

Chaka chilichonse ikafika February ndi March, anthu akwathu amene tili kuno ku UK amayamba kundiimbira poti amadziwa kuti ndine wa fiziyo, wothandiza ovulala minofu ndi mfundo, ndipo nkhani yake imakhala imodzimodzi: tinapita ku Austria kapena ku France kukaona sinowo, tinabwereka ma ski, timatabwa totsetserekera pa sinowo tija, ndinagwa pang'ono, koma asisi musadandaule ndinangobinya chifukwa ndinadzuka ndekha n'kuyenda mpaka ku hotela. Mawu oti "ndinatha kuyenda" amenewa ndatopa nawo abale anga. Munthu amayenda ndithu mtsempha wa mkati mwa bondo utadukiratu. Amanyamula kapu ya tiyi kafupa ka padzanja katathyoka. Ngakhale amene wamenyetsa mutu magazi akukha mkati amatha kucheza n'kumaseka kwa kanthawi ndithu. Ndiye kuyendako musamandiuze ngati umboni.

Sindikuletsa munthu kupita ayi, malo ake ndi okongola ndipo ambiri amalandira alendo wamba. Ku Lillehammer ku Norway, komwe kunali ma Olympics a m'nyengo yozizira mu 1994, njira ya bobsleigh, ngolo yotsetsereka pa ayezi, ya ku Hunderfossen ikadalipo ndipo mumalipira n'kukwera. Chimodzimodzi ku Igls pafupi ndi Innsbruck, mzinda umene unachititsa masewerawa mu 1964 ndi 1976, komanso ku La Plagne ku France komwe anapikisanirako mu 1992. Ku St Moritz ku Switzerland ndiye njira yake amaiumba mwatsopano chaka chilichonse ndi sinowo ndi madzi basi, amakukhazikani pakati pa woyendetsa ndi wogwira mabuleki n'kutsika liwiro lopitirira makilomita 120 pa ola. Anthu amaopa chimenechi, amakumbukira Nodar Kumaritashvili wa ku Georgia uja anafa ku Whistler mu February 2010 akuyeserera luge, koma iye anali yekha pa kasileji kosatchinga akuthamanga kuposa makilomita 140 pa ola. Inu mlendo amakuyendetsani ndi katswiri, mwavala helimeti, ntchito yanu n'kugwiritsa basi. Amene amavutika pamenepo ndi onama pa fomu ija amakusainitsani. Yafunsa za msana, khosi, mtima, BP, pathupi, inu mwangochonga kuti ayi ayi ayi chifukwa ndalama mwalipira kale. Pokhota paja thupi limakanikizika ngati kulemera kwanu kwawirikiza kanayi, ndiye ngati msana unali kale ndi vuto mudzaumva mukamatsika.

Koma odwala anga ambiri sachokera ku bobsleigh. Amachokera kumtsetse kumene woyendetsa ndi iwo eni. Face de Bellevarde ku Val d'Isère, pomwe amuna anapikisanira downhill mu 1992, Patscherkofel pomwe Franz Klammer anawinira golide mu 1976, Kvitfjell ku Norway, ngakhale Streif ya ku Kitzbühel ija ili ndi malo otchedwa Mausefalle otsetsereka 85 peresenti, konseko palibe mlonda wofunsa setifiketi. Mukangogula tikiti ya lift mwafika pamwamba. Chikwangwani chakuda chija sichokongoletsera chithunzi cha pa Facebook, chimatanthauza kuti ngati simudziwa kukhota ndi kuima pa ayezi, mutsika ndi msana kapena pa machila. Komabe kunena zoona, ochepa okha ndi amene amafika misala imeneyo. Ambiri amagwera pa njira ya buluu, yosavuta, masana cha m'ma 3 koloko miyendo itatopa, akuyenda pang'onopang'ono, nsonga za ma ski zapingasana, munthu wakhalira kumbuyo, thupi lapotokera uku phazi latsalira uko.

Ndipo vuto limakhala litayambira m'mawa mu shopu yobwereketsa ija. Mnyamata wa pamenepo amakufunsani kulemera kwanu, kutalika, zaka, saizi ya nsapato, ndi kuti mumatha bwanji. Kenaka amatenga sikuludilaiva n'kupotokola pa chitsulo chogwira nsapato chija mpaka kamzere kafike pa nambala inayake pa kawindo kakang'ono. Nambala imeneyo ndi imene imalamula kuti mukagwa ski ichoke msanga kapena ikakamire. Azibambo athu ndiye manyazi, kunena kuti ndine woyamba kumene amaona ngati kudzitsitsa, amati ndimathako pang'ono poti anapitako kamodzi ku malo a sinowo wopanga a ku Manchester. Amayi ena amachotsako makilo, ena amawonjezera luso. Mukanama kuti mumatha, chitsulocho amachimanga kwambiri, mukagwa sichimasula, ndipo ski ili ngati mpini wa khasu womangirira kuphazi, ikapotoka mphamvu yonse imathera pa bondo poti nsapato yake ndi yolimba, akakolo sagwedera.

Pali bambo wina amene mpaka lero nkhani yake imandiwawa. Wa zaka za m'ma 40, amagwira ntchito yosamalira okalamba, munthu wolimba amene Lamlungu ankamenya mpira ndi anzake. Anapita ndi gulu ku mapiri a ku France, tsiku lachiwiri anagwa pa njira yosavuta ndipo anamva kuti phwa mkati mwa bondo. Anzake anamudzutsa akuseka, anatsika yekha pang'onopang'ono, pofika madzulo bondo linali litatupa mpaka buluku kuthina. Sanapite kuchipatala chifukwa inshuwalansi imene anagula inali ya viza chabe. Atafika kunyumba mayi akunyumba anayamba kumuthowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, mnzake wina wa ku mpira anabwera kudzamukoka mwendo kuti "ubwerere m'malo", achimwene ake kumudzi anatumiza ufa wakuda woti apake atatema mphini, ndipo anatemadi, zipsera zake ndinaziona ndi maso anga, timizere ting'onoting'ono kuzungulira bondo lonse. Patatha milungu ingapo kutupa kunachepa, ululu unachepa, onse anati mankhwala agwira. Sanali mankhwala, ndi mmene mtsempha wa mkati mwa bondo wotchedwa ACL umachitira, ukaduka bondo limaphwa lokha n'kukunamizani. Anabwerera ku ntchito, mashifiti a maola 12 akunyamula anthu, bondo limagwedera iye n'kumangomanga bandeji. Tsiku lina akutsika masitepe linapinda lokha, chichereŵechereŵe cha mkati chinang'ambika n'kukatsekereza, mwendo osawongokanso. Pomwe ankafika kwa ine ntchafu inali itaonda moonekeratu poyerekeza ndi inzake. Chimene chimandipweteka n'choti akanabwera sabata yoyamba, mwina ngakhale opaleshoni sakanafunika, si aliyense woduka ACL amene amang'ambidwa, ena timawalimbitsa minofu n'kumakhala bwinobwino. M'malo mwake anachitidwa opaleshoni ya zinthu ziwiri, anakhala miyezi osagwira ntchito, ndipo poti anali wa ma agency, osagwira ntchito ndiye kuti osalandira. Mpira anasiya.

Ndiye mvetserani. Mwamva kulira mkati mwa bondo, latupa pasanathe maola awiri kapena atatu, amenewo ndi magazi osati madzi wamba, ndipo china chake chang'ambika. Likumagwedera mukamakhota, kapena likukana kuwongoka, pitani akakuoneni sabata yomweyo. Musandiuzenso kuti X-ray inatuluka bwino. X-ray imaona mafupa, mitsempha siiona, pamafunika manja a munthu wodziwa kuyeza bondo ndipo nthawi zambiri sikani ya MRI. Akakukonzani ACL dziwani kuti kubwerera ku masewera ndi miyezi 9 kupita mtsogolo, osati zija amakuuzani anzanu kuti mwezi umodzi muzithamanga.

Chala chachikulu cha kudzanja ndiye anthu amachipeputsa zedi. Mwagwa ndodo ya ski ili m'manja, chala chapindikira kunja, mtsempha wa m'mbali mwake waduka. Mukaona kuti mukulephera kupotokola kiyi pachitseko kapena kutsina pepala, si zoti mudikire. Nthawi zina nsonga ya mtsemphawo imapindikira pamwamba pa mnofu wina moti singalumikizane yokha ngakhale mutamanga chaka chonse, amayenera kusoka, ndipo kusokako kumayenda bwino m'milungu yoyambirira. A snowboard inu vuto lanu ndi polumikizira dzanja, mumagwa mutatambasula manja. Pali kafupa kotchedwa scaphoid m'munsi mwa chala chachikulu, kakathyoka X-ray yoyamba imatha osaonetsa, ndipo magazi amafikako movutikira moti mukakanyalanyaza sikalumikizana, mbali ina imatha kufa. Pakapweteka mukadina kadzenje kaja ka m'munsi mwa chala, lolani akuikeni chikhakha kapena chomangira n'kudzajambulanso. Osakachotsa nokha kunyumba poti chikuyabwa.

Za mutu sindinyengerera. Natasha Richardson, mayi wa zisudzo wa ku Britain, anagwa pa 16 March 2009 ku Mont Tremblant ku Canada ali pa phunziro la oyamba kumene, malo osavuta, alibe helimeti. Anadzuka, ankalankhula bwinobwino, anakana thandizo. Mutu unayamba kuwawa pambuyo pake, ndipo pa 18 March anamwalira ali ndi zaka 45, magazi atakha pakati pa chigaza ndi ubongo. Michael Schumacher, woyendetsa magalimoto a mpikisano uja, anagwa n'kumenyetsa mutu ku Méribel ku France mu December 2013, anali wodziwa ski bwino ndipo anavala helimeti, madokotala ananena kuti popanda iyo sakanafika n'kuchipatala komwe. Valani helimeti, ndipo mnzanu akamenyetsa mutu kenaka n'kuyamba kusanza, kusinza, kubwereza funso limodzimodzi kapena mutu kumangokulirakulira kuwawa, imbani 112, nambala ya ngozi ku Ulaya, pompo. Osamupatsa mowa woti atenthedwe n'kumusiya agone yekha m'chipinda inu mwapita kukadya. Ndiwonjezere kamodzi poti ena mwa ife tili ndi magazi a sickle cell osadziwa: pamwamba pa Bellevarde ndi mamita oposa 2,700, ndipo ngakhale sizichitika kawirikawiri, kupweteka koopsa kumanzere m'munsi mwa nthiti muli pamwamba chotero kungakhale kapamba, tsikani mukaonane ndi dokotala.

Ndikafufuza chimene chimachedwetsa anthu, nthawi zambiri ndi ndalama. Inshuwalansi ija ya ma euro 30,000 imene amafuna pofunsira viza ya Schengen kawirikawiri siphatikiza masewera a pa sinowo pokhapokha mutawonjezera, werengani timalemba ting'onoting'ono tija. Khadi ya GHIC, ija ya boma la UK yolandirira chithandizo mukadwala ku Ulaya, imathandiza ku zipatala za boma, koma siilipira kukutsitsani paphiri pa machila, siilipira helikopita, siilipira kukubwezani ku UK, ndipo tizipatala tambiri ta m'midzi ya ski ndi ta pulaiveti. Ku France kukutsitsani kokha ndi ma euro mazanamazana, n'chifukwa chake pogula tikiti ya lift amakufunsani ngati mukufuna inshuwalansi yonga Carré Neige, anthu n'kumakana poganiza kuti akufuna kuwabera. Ndiye munthu wavulala, akuopa bilu, akukwera ndege mwendo uli chotupa osauza aliyense. Mwendo wovulala wosayendayenda umaundana magazi mosavuta, katumba akayamba kutupa, kutentha ndi kuwawa, kapena mwayamba kubanika, imeneyo ndi ya ku A&E, kuchipatala cha ngozi, usiku womwewo, ndipo asapezeke wina woti akusisiteni pamenepo.

Osisitawo ndiye achuluka masiku ano. M'magulu athu a WhatsApp simusowa wina wogulitsa mafuta "olumikiza mitsempha", wina makapisozi ochokera kaya kuti, wina akuti amawongola mafupa kunyumba kwake pa mapaundi 40, winanso madzi odalitsidwa. Kupemphera pempherani, ine sindilimbana nazo, koma mtsempha woduka sulumikizidwa ndi chopaka pakhungu, ndipo kuthowa ndi madzi otentha masiku oyambirira kumangowonjezera kutupa, pamafunika ayezi wokulunga m'kansalu ndi kukweza mwendo. Mphini pa bondo lotupa ndiye mukuitana majeremusi, akalowa mkati mwa mfundo bondolo limatha kuonongeka m'masiku ochepa. Aliyense wokuuzani kuti ndi fiziyo kuno ku UK ayenera kupezeka pa kaundula wa HCPC, bungwe loyang'anira ntchitoyi, ali pa intaneti, mumangolemba dzina lake. Ngati sakupezeka musamupatse mwendo wanu. M'madera ambiri mungathenso kudzilembetsa nokha kwa fiziyo wa NHS osadzera kwa GP, ndipo polemba fomuyo nenani zonse, kuti munagwa pa ski, munamva kulira, linatupa tsiku lomwelo, likugwedera. Mukangolemba kuti "bondo likuwawa" adzakuikani kumapeto kwa mzere.